Pangano Lopanda Nkhoswe Ndi Msampha

Pa 4 Okutobala 1992, mumzinda wa Rome, Pulezidenti Joaquim Chissano wa chipani cha Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa gulu la zigawenga la Renamo anasainirana pangano lothetsa nkhondo imene inasakaza Mozambique kwa zaka 16. Sabata yomweyo anthu a ku Angola anali kudikira zotsatira za chisankho chimene anaponya pa 29 ndi 30 Seputembala. Iwonso anali ndi pangano lawo la Bicesse, losainidwa m'dziko la Portugal mu Meyi 1991, pamene Pulezidenti José Eduardo dos Santos ndi Jonas Savimbi wa gulu la UNITA anagwirana chanza dziko lonse likuona. Mwezi wa Okutobala usanathe n'komwe, mfuti zinali zikulira m'misewu ya Luanda, ndipo nkhondoyo sinatheretu mpaka Savimbi ataphedwa mu Febuluwale 2002. Ku Mozambique mfuti zinakhala chete zaka pafupifupi 20.

Maiko onse awiri analamulidwapo ndi Apwitikizi, onse analandira ufulu mu 1975, onse anamira m'nkhondo ya pachiweniweni imene maiko akunja ankasonkhezera. N'chifukwa chiyani pangano lina linagwira, lina n'kuphwasuka? Yankho lofulumira ndi lakuti Savimbi anali munthu wouma mtima. Anali woumadi mtima. Koma tisamuyeretse Dhlakama. Anthu a ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza amene analandira othawa nkhondo oposa 1 miliyoni akudziwa zimene Renamo inkachita m'midzi, chifukwa anaona ndi maso awo anthu akufika kumalire atadulidwa makutu ndi milomo. Dhlakama sanali wofatsa kuposa Savimbi. Chimene chinasiyana ndi mamangidwe a mapangano awiriwo.

Ndikulemba izi chifukwa ndatopa ndi mmene timayanjanitsira anthu m'dziko muno. Pakabuka mkangano, kaya wa zipani, wa boma ndi ogwira ntchito, wa mafumu olimbirana malire, timaitana akuluakulu a mipingo ndi anthu olemekezeka. Amatsegula ndi pemphero, amalangiza za chikondi ndi kukhululukirana, okangana aja agwirana chanza, atolankhani ajambula, nkhani yatha. Pakapita miyezi ingapo moto wayakanso, ndipo tonse timati andale athu ndi osakhulupirika. Mlandu wonse timauika pa mtima wa munthu. Sitifunsa funso limene likanafunsidwa tsiku losainira lomwelo: kodi amene adzaphwanye panganoli adzataya chiyani?

Pali nthambi ya masamu imene ntchito yake ndi funso limeneli. Amaitcha game theory. Inayamba kuima payokha ndi buku la John von Neumann ndi Oskar Morgenstern la mu 1944, ndipo imafufuza zimene zimachitika pamene phindu la chimene ine ndasankha likudalira chimene iwe usankhe. Chitsanzo chake chotchuka chinachokera kwa Merrill Flood ndi Melvin Dresher a bungwe la RAND ku America mu 1950, ndipo Albert Tucker ndiye anachiveka nkhani ya akaidi. Anthu awiri agwidwa pa mlandu umodzi, apolisi awatsekera m'zitokosi zosiyana. Aliyense akumuuza zofanana. Ukamuulula mnzako iye n'kukhala chete, utuluka lero, iye akaseweza zaka 10. Mukaululana nonse, zaka 5 aliyense. Mukatseka pakamwa nonse, umboni ndi wochepa, mukhala miyezi 6 basi.

Khalani m'chitokosimo muganize. Mnzanga akakhala chete, kuulula kundipindulira, ndituluka. Mnzanga akaulula, kuulula kundipindulirabe, zaka 5 si zaka 10. Kulikonse kumene ndingatembenukire, kuulula kuli bwino kwa ine. Mnzanga kuseri kwa khomako akuwerengera chimodzimodzi. Onse awiri aulula, onse alandira zaka 5, pamene akanatha kutuluka pakatha miyezi 6. Palibe wopusa pa awiriwa, ndipo sikofunika kuti wina akhale woipa mtima. Ngakhale atalumbirirana asanagwidwe kuti sadzaululana, lumbirolo silisintha kanthu, chifukwa palibe chomugwira dzanja wolithyola. Mukawatumizira mlaliki m'zitokosimo, ziwerengero zija zikhalabe momwemo.

Mu 1995 James Fearon anatengera maganizo amenewa ku nkhani ya nkhondo. Anafunsa kuti, popeza nkhondo imawononga chuma ndi miyoyo ya mbali zonse, bwanji adani sangogawana pa tebulo chimene akanagawana atatha kuphana? Limodzi mwa mayankho ake ndi ili: pangano likasainidwa, mphamvu zimasuntha, ndipo amene mphamvu zasunthira kwa iye sakhalanso ndi chifukwa chosungira zimene analonjeza. Mnzake amadziwiratu zimenezi, n'chifukwa chake amakana kusaina, kapena amasaina atabisa mpeni. M'nkhondo ya pachiweniweni vutoli limakula, chifukwa mbali imodzi imayenera kutula pansi zida n'kukakhala pansi pa asilikali ndi apolisi a mdani wake wa dzulo.

Ndi zimene zinachitika ku Angola. Bungwe la United Nations linatumiza asilikali oyang'anira 350, opanda zida, m'dziko lalikulu kuposa Malawi kakhumi. Margaret Anstee, amene ankatsogolera ntchitoyo, anadandaula poyera kuti wapatsidwa katundu wolemera ndi zipangizo zochepa. Chisankho chinafika mbali zonse zisanatsirize kuchotsa asilikali. UNITA inasunga asilikali ake odalirika, boma linasamutsira ena mwa ake ku gulu latsopano la apolisi olimbana ndi zipolowe. Gulu limodzi la nkhondo la dziko lonse linalengezedwa kutangotsala masiku ochepa kuti anthu akavote. Ndipo chisankhocho chinali cha wopambana atenga zonse. Dos Santos anapeza mavoti opitirira pang'ono 49 pa 100 aliwonse, Savimbi 40. Kunayenera kukhala chisankho chachibwereza, koma sichinachitike. Savimbi anayang'ana zimene wogonja apeze pa tebulo, anayang'ana asilikali ake ndi migodi ya dayamondi, n'kusankha tchire. Ku Luanda atsogoleri a UNITA, kuphatikizapo wachiwiri wake Jeremias Chitunda, anaphedwa ndi a mbali ya boma, ndipo mantha a mbali zonse anatsimikizika tsiku limodzi.

Amene anatumidwa ku Mozambique, Aldo Ajello wa ku Italy, anaona zonsezi zikuchitika. Iye ndi akazembe a maiko othandiza anamanga ntchito yawo pa mfundo imodzi: chisankho sichichitika mpaka asilikali atachoka m'misasa. Chinayenera kukhala mu 1993, anachikankhira ku Okutobala 1994. Asilikali a United Nations oposa 6,000 analowa m'dzikomo, ndipo asilikali a Zimbabwe amene ankalondera njira ya Beira ndi asilikali athu a Malawi amene ankalondera njanji ya Nacala anabwerera kwawo mu 1993. Msilikali aliyense wotula zida, wa Frelimo kaya wa Renamo, ankalandira ndalama kwa zaka ziwiri. Kenaka panabwera chinthu chimene ambiri anachinyansidwa nacho: anakhazikitsa thumba la ndalama, pafupifupi madola 17 miliyoni, lothandiza Renamo kusanduka chipani cha ndale, chokhala ndi maofesi, magalimoto ndi nyumba mumzinda.

Ndikumvetsa amene zimenezi zinawawawa. Kulipira anthu amene anatentha zipatala ndi masukulu si chilungamo, ndipo palibe amene ayenera kunamizira kuti ndi chilungamo. Koma taonani chimene chinachitika madzulo a 26 Okutobala 1994, kutatsala maola kuti malo oponyera voti atsegulidwe. Dhlakama analengeza kuti watuluka m'chisankho, akuti kukukonzedwa chinyengo. Inali mphindi yomweyo imene Angola inagwera m'phompho. Koma asilikali ake ambiri anali atabwerera kumidzi, akulandira ndalama zawo, atatopa ndi nkhondo. Thumba lija likanatsekedwa. Atsogoleri a maiko oyandikana nawo anamuuza kuti asayembekezere thandizo. Pa 28 Okutobala anabwerera, kuvota kunawonjezeredwa tsiku limodzi. Anagonja, Chissano atapeza 53 pa 100 iye 34, koma Renamo inatenga mipando 112 mwa 250 ya m'nyumba ya malamulo. Kugonja kunali ndi phindu kuposa kubwerera kutchire la ku Gorongosa.

Pamene panganolo linasiya mpata ndi pomwe linadzang'ambikira. Renamo inapambana m'zigawo za Sofala, Manica, Tete, Zambézia ndi Nampula, koma abwanamkubwa a zigawozo ankasankhidwa ndi pulezidenti ku Maputo. Dhlakama naye anasunga kagulu ka asilikali. Mu 2013 mfuti zinaliranso, ndipo pofika 2016 anthu a ku Tete anali atadzazanso mudzi wa Kapise ku Mwanza. Anachita kusintha malamulo a dziko mu 2018 kuti abwanamkubwa azichokera ku mavoti, ndipo Pulezidenti Filipe Nyusi ndi mtsogoleri watsopano wa Renamo, Ossufo Momade, anasainirana pangano lina mu Ogasiti 2019.

Kuno sitinamenye nkhondo yotere, ndipo tiziyamika. Koma matendawo tili nawo. Chakufwa Chihana wa AFORD analowa m'boma la a Bakili Muluzi n'kutulukamo mu 1996. A Justin Malewezi anasiyana ndi a Muluzi n'kudzaima paokha mu 2004. A Bingu wa Mutharika anachoka mu UDF mu Febuluwale 2005, chaka chisanathe chipanicho chitawalowetsa m'boma, ndipo wachiwiri wawo a Cassim Chilumpha anamangidwa mu 2006. Mayi Joyce Banda anachotsedwa mu DPP mu Disembala 2010 ali wachiwiri kwa pulezidenti. A Khumbo Kachali anasiyana ndi Mayi Banda chisankho cha 2014 chitayandikira. A Saulos Chilima anatuluka mu DPP mu 2018. Anthu osiyana zigawo, osiyana mipingo, osiyana makhalidwe, koma nkhani imodzi. Chinthu chikabwerezedwa kasanu, kasanu ndi kamodzi, ndi anthu osiyana, tileke kufufuza mitima yawo, tiyang'ane mpando umene amakhalapo. Malamulo athu amaunjika maudindo, makontirakiti ndi chikwama cha boma m'manja mwa munthu mmodzi. Wachiwiri sangachotsedwe wamba, koma ntchito amachita kupatsidwa, ndipo wopereka angathe kulanda.

Mgwirizano wa Tonse ndiye unaonetsa vutoli poyera. Pa chisankho cha 2019 a Chilima anapeza pafupifupi 20 pa 100, a Lazarus Chakwera 35, a Peter Mutharika 38. Khoti litafafaniza zotsatirazo pa 3 Febuluwale 2020 n'kugamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, MCP sikanatha kuwoloka yokha. Mu Malichi 2020 MCP ya a Chakwera ndi UTM ya a Chilima anasainirana. Tsiku limenelo a Chilima anali ndi mphamvu zonse za munthu amene wagwira chimene mnzake akuchifuna. Pa 23 Juni anthu anavota, mgwirizano unapeza oposa 58 pa 100, ndipo mphamvu zija zinatha tsiku lolumbira. Mavoti anaperekedwa onse tsiku limodzi, malipiro ake akuyembekezeka patapita zaka zisanu. Pa 1 Julayi 2022 a Chilima anauza mtundu kuti panganolo linati iwo ndiwo adzaimire mgwirizano mu 2025. A MCP sanavomereze zimenezo. Ovota mamiliyoni amene anaima pa mizere sanaonetsedwe chikalatacho asanavote, ndipo panalibe khoti, ofesi kapena munthu wachitatu amene akanakakamiza aliyense kuchitsatira. A Chilima anatisiya pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, ndipo mwezi wotsatira UTM inatuluka mu mgwirizano.

Kumudzi, ukwati wolowana usiku popanda ankhoswe sitiuwerengera, ngakhale awiriwo atakondana chotani, chifukwa tsiku la mkangano palibe kokatula nkhani. Koma boma la anthu 20 miliyoni tinalola kuti limangidwe pa chikalata chosungidwa m'kabati.

Anzathu a ku Kenya anapsa ndi moto womwewu ndipo anaphunzirapo. Mu 2002 Mwai Kibaki ndi Raila Odinga anagwirizana mwamseri za kagawidwe ka maudindo, kuphatikizapo mpando wa nduna yaikulu. Kibaki atalowa m'boma mpandowo sunakhazikitsidwe. Chidani chimenecho chinakula mpaka chisankho cha Disembala 2007, pamene anthu oposa 1,000 anaphedwa. Kofi Annan atawayanjanitsa pa 28 Febuluwale 2008, sanakhutire ndi kugwirana chanza. Panganolo linapita ku nyumba ya malamulo n'kusanduka lamulo. Nduna yaikulu sikanachotsedwa ndi pulezidenti, koma ndi voti ya aphungu yokha, ndipo nduna ya mbali imodzi sikanachotsedwa popanda mtsogoleri wa mbaliyo kuvomereza molemba. Kibaki ndi Odinga sanayambe kukondana. Boma lawo linali lodzaza mikangano, lotupa ndi nduna, lodula kuliyendetsa. Koma linafika 2013, ndipo linabala malamulo atsopano a dziko mu 2010. Lero lamulo la zipani la ku Kenya limafuna kuti pangano la mgwirizano likasungidwe kwa mlembi wa zipani.

Ena adzandiuza kuti awa ndi maganizo a azungu, oona munthu ngati makina owerengera phindu, pamene ife tili ndi umunthu. Apite ku Salima akaone chilumba cha Mbenje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka chilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, kuti utaka uswane. Pachilumbapo mowa ndi juga n'zoletsedwa. Wophwanya malamulo amalipitsidwa chindapusa kapena kupirikitsidwa, ndipo pali komiti imene imayang'anira. Asodzi a pa Mbenje si oyera mtima kuposa a ku Malombe kumene chambo chinatha ndi makoka. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Mbenje wakuba amaonedwa, amalangidwa, ndipo aliyense akudziwa kuti chaka chamawa adzafunanso malo pachilumbapo. Elinor Ostrom analandira mphotho ya Nobel mu 2009 chifukwa cholemba za malo otere padziko lonse. Robert Axelrod anapezanso zofanana pamene anachititsa mpikisano wa mapulogalamu a kompyuta osewera nkhani ya akaidi ija mobwerezabwereza. Inapambana, kawiri konse, ndi pulogalamu yaifupi ya Anatol Rapoport: imayamba ndi kukhulupirira mnzake, ikanyengedwa imabwezera pompo, mnzakeyo akasintha imaleka msanga. Kukhulupirirana kumamera pamene anthu akudziwa kuti adzakumananso ndipo wonyenga sadzapita wosalipira. Makolo athu sanalekanitsepo umunthu ndi chindapusa. Ndife a masiku ano amene tatenga pemphero n'kusiya mbuzi ya mlandu.

Sindikunena kuti masamu amenewa salakwa. Thomas Schelling, amene buku lake la mu 1960 linaphunzitsa dziko kuti lonjezo ndi chiopsezo zimagwira ntchito pokhapokha mnzako ataona kuti sungabwerere m'mbuyo, analandira Nobel mu 2005. Koma maganizo a mtundu womwewo ndi amene anali m'mitu ya akuluakulu a ku Washington pamene anayamba kuphulitsa North Vietnam mu 1965, akuyesa kuti ululu ukamakwera pang'onopang'ono a ku Hanoi agonja. Sanagonje, ndipo anthu osawerengeka anafa chifukwa owerengerawo sanamvetse chimene mdani wawo ankachiona chamtengo wapatali. Mu 1982 Werner Güth ndi anzake anaonetsa kuti munthu akapatsidwa gawo laling'ono monyoza amatha kulikana, ngakhale kukanako kutanthauza kupita chimanjamanja. Ulemu nawo ndi phindu, manyazi nawo ndi mtengo. Apa ndi pamene abusa, mashehe ndi mafumu athu ali ndi luso limene katswiri wa masamu alibe. Pangano la ku Rome lenilenilo linayambira m'manja mwa a gulu la Chikatolika la Sant'Egidio ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira, amene anakhala ndi adaniwo kuyambira Julayi 1990. Koma iwo sanathere pa kufewetsa mitima. Anakhala zaka ziwiri akulimbana ndi ziwerengero za asilikali, malo osonkhanirako, lamulo la chisankho, ndi dzina la amene adzayang'anire zonsezo. Amkhalapakati athu amagwira gawo loyamba, lovutalo amalisiya.

Tsono zimene ndikupempha ndi izi. Nyumba ya Malamulo ilamule kuti zipani zikapanga mgwirizano wa chisankho, chikalata chonse chikaperekedwe kwa mlembi wa zipani ndipo chisindikizidwe anthu asanavote. Ndime imene sinalembedwemo isawerengedwe. Chipani chaching'ono chileke kugula malonjezo a zaka zisanu. Chifunse zimene zingaperekedwe tsiku lomwelo ndiponso zovuta kulanda, monga maunduna otchulidwa maina, ndi ndime yoti nduna yake siichotsedwa popanda chilolezo chake. Koposa zonse, tichepetse zimene wopambana amatenga. Malinga ngati pulezidenti ndiye akusankha pafupifupi aliyense, kuyambira mabwana a makampani a boma mpaka akazembe, wogonja adzaona chisankho ngati imfa, ndipo wopambana adzaona mnzake wa mu mgwirizano ngati katundu wofunika kutula. Mphamvu ndi ndalama zikafikadi ku makhonsolo, chipani chogonja pa upulezidenti chidzakhala ndi kolamulira ndi chotaya.

Zomwezi zikhudza boma ndi aphunzitsi kapena anamwino akanyanyala ntchito. Kusaina kuti ndalama zidzaperekedwa "posachedwapa" si pangano. Palembedwe tsiku, palembedwe kuchuluka, palembedwe amene adzaweruze tsikulo likadutsa, ndi chiwongoladzanja chimene wochedwetsa adzalipire.

Chisankho cha 2030 chisanafike tidzaonanso atsogoleri atavala makaka osiyana, atakweza manja pamodzi pabwalo. Atolankhani amene adzakhalepo asadzakhutire ndi chithunzi. Adzapemphe chikalatacho, adzachiwerenge pa wailesi ndime ndi ndime, ndipo adzafunse aliyense wa osainawo, dzina ndi dzina, kuti mnzakeyo akadzatembenuka nkhaniyo adzakaitula kwa yani.